Sinowo wa ufa wa ku Niseko: n'chiyani chimene anthu amawolokera nyanja kukachifuna?

Chaka chilichonse mu Januwale ndi Febuluwale, ife kuno ku Salima tili kalikiliki kupalira ndi kubandira chimanga, m'mafoni mumayamba kuyenda mavidiyo a anthu akutsetsereka paphiri loyera mbee, atamira mpaka m'chiuno m'chinthu chimene chikufuka ngati fumbi. Ambiri mwa mavidiyowa amajambulidwa ku Niseko, m'dziko la Japan. Achinyamata amene amagwira ntchito m'malo ogona alendo ku Senga Bay amalimvanso dzinali kwa alendo awo. Mafunso amene anthu amafunsana ndi omveka ndithu. Kodi chipale chofewa, chimene ambiri amangoti sinowo, si chimodzimodzi kulikonse? Nanga munthu wa ku Ulaya, amene kwawo chimagwa pakhomo, amalipiriranji ndege yopita ku Japan? Njira "yakuda" ndiye iti? Ndipo n'chifukwa chiyani nkhani za malo osangalalirako ngati amenewa zimabwera pamodzi ndi nkhani za maliro?

Malo ake ndi otani

Niseko ili pa chilumba cha Hokkaido, kumpoto kwa Japan, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera mumzinda wa Sapporo. Phiri limene anthu amaseweretsapo ndi Niseko Annupuri, lotalika mamita 1,308, ndipo moyang'anana nalo pali phiri lina lokongola la Yotei, la mamita 1,898. M'mbali mwa Annupuri muli malo anayi ochitira masewerawa amene amalumikizana kumtunda: Grand Hirafu, Hanazono, Niseko Village ndi Annupuri. Munthu amagula tikiti, n'kukhala pampando wolendewera pa chingwe chachitsulo umene umamukweza phiri, kenako amatsika yekha atamangirira kumapazi matabwa awiri aatali opyapyala otchedwa ski, kapena thabwa limodzi lalikulu lotchedwa snowboard. Akafika pansi amakweranso. Nyengo yake imayamba chakumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala n'kutha mu Meyi.

Sinowo wa ufa

Sinowo si matalala. Matalala ndi madzi oundana olimba gwa, amene amaboola masamba a fodya. Sinowo amapangika nthunzi ya mumtambo ikaundana mwachindunji, osayamba yasanduka dontho la madzi, n'kukhala kanyenyezi kakang'ono ka nsonga zisanu ndi imodzi. Tinyenyezi timeneti tikagwa n'kusanjikizana, pakati pake pamatsala mpweya wambiri. Kusiyana konse kwa sinowo wabwino ndi woipa kwa wosewera kwagona pa kuchuluka kwa mpweya umenewu.

Titenge ndowa ya malita 20. Mukaidzaza ndi sinowo amene wangogwa kumene ku Niseko, wosatsendera, n'kumusiya kuti asungunuke, pansi pa ndowa patsala madzi osakwana malita awiri, chifukwa madzi mwa iye amangokhala pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse. Mukaidzaza ndi sinowo wopangidwa ndi makina, madzi ake afika malita 8 kapena 10. Woyambayo ndiye amatchedwa wa ufa. Ukamufumbata m'manja sagwirana, amangoyoyoka. Ukamuuzira amauluka. Munthu wotsetsereka mwa iye sakhudza pansi polimba, amakhala ngati akuyandama, ndipo phokoso la matabwa limazimiririka. Amene anazilawa amati zimenezi n'zimene amapitira, osati liwiro.

Amene anatsegula maso a anthu pa nkhaniyi ndi katswiri wa sayansi wa pa yunivesite ya Hokkaido, Ukichiro Nakaya. M'chaka cha 1936 iye anakhala munthu woyamba kupanga kanyenyezi ka sinowo m'chipinda choyesera zinthu, ndipo anasonyeza kuti maonekedwe ake amadalira zinthu ziwiri: kuzizira kwa mpweya ndi kuchuluka kwa chinyezi. Mtambo ukazizira kufika madigiri pafupifupi 15 kunsi kwa ziro, chinyezi chili chokwanira, tinyenyezito timamera nthambi zambiri. Tanthambi totere sitikhala mothinana tikagwa, n'chifukwa chake sinowo wake amapepuka. Kukangofunda pang'ono nthambizo zimanyowa n'kumatirirana. Mphepo ikawomba mwamphamvu zimathyoka n'kupanga chikhakha cholimba pamwamba. Choncho sinowo wa ufa sakhalitsa. Dzuwa la masana amodzi, kapena mapazi a anthu mazana angapo, zimamutha. Ichi n'chifukwa chake m'mawa wa tsiku limene wagwa wambiri anthu amaima pamzere mipando isanayambe kuyenda, aliyense akufuna kudutsa pamene wina sanapondepo.

Mphepo, nyanja ndi phiri

Apa ndi pamene ife a m'mbali mwa nyanja tingamvetse msanga kuposa ena. Mwera timaudziwa. M'miyezi yozizira umachokera kummwera chakum'mawa, n'kuyenda mtunda wautali pamwamba pa madzi, asodzi a ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota n'kukokera mabwato kumtunda pamene a zanyengo akuchenjeza pa wailesi. Mphepo yoyenda pamwamba pa nyanja imatola chinyezi, ndipo ikakumana ndi zitunda imakakamizika kukwera, imazizira, mitambo n'kupangika. N'chifukwa chake madera a zitunda zoyang'ana kunyanja, monga ku Nkhata Bay, amalandirabe mvula ena atayamba kale kuuma.

Ku Hokkaido zimachitikanso chimodzimodzi, koma mphepo yake ndi yozizira koopsa. Imachokera ku Siberia, youma, n'kuwoloka nyanja ya pakati pa Russia ndi Japan. Madzi a m'nyanjayi sazizira kwambiri chifukwa mumadutsa mkokomo wa madzi ofunda wochokera kummwera wotchedwa Tsushima. Mpweya wozizira ukadutsa pamwamba pa madzi ofundirapo, nthunzi imakwera yambiri, mitambo imandandalikana m'mizere, ndipo chinthu choyamba chachitali chimene imakumana nacho ikafika kumtunda ndi mapiri a ku Niseko. Imakhuthulira pomwepo. Zimatha kuchitika masiku ambiri motsatizana dzuwa osaoneka, ndipo alendo ena amabwerera kwawo osaliona n'komwe phiri la Yotei limene analiona pa zithunzi.

Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti paphiripo pamagwa sinowo wokwana mamita pafupifupi 15 pa nyengo imodzi. Apa ambiri amasokonezeka, n'kumaganiza kuti nyumba zimakwiririka mamita 15. Ayi. Chiwerengerochi amachipeza pophatikiza wa tsiku lililonse, koma wakale amatsenderezeka ndi watsopano. M'tauni ya Kutchan, mmunsi mwa phirili, amaunjikana kufika mamita pafupifupi awiri zaka zambiri. Ndipo mukasungunula mamita 15 a sinowo wopepukayu, madzi ake angakwane mamilimita pafupifupi 1,200, osasiyana kwenikweni ndi mvula imene imagwa kuno m'mbali mwa nyanja pachaka.

Wina angafunse kuti, nanga nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje si yotalika mamita 3,002, kuposa Annupuri kawiri ndi kupitirira? Bwanji sitiseweretsapo ski? Yankho ndi lakuti kutalika kwa phiri pakokha sikukwanira. Niseko ili pa madigiri pafupifupi 43 kumpoto kwa mzere wa pakati pa dziko, pamene dziko lathu lili pa madigiri 9 mpaka 17 kummwera kwake, kumene dzuwa limawomba pamutu chaka chonse. Komanso miyezi yathu yozizira ndi yomweyo youma. Ku Nyika ndi ku Mulanje udzu umatha kuyera ndi chisanu m'mawa, koma chisanu chimenecho chimapangika pansi pomwepo, sichigwa kuchokera kumwamba. Mu Africa masewerawa amachitika m'malo ochepa kwambiri, monga ku Oukaïmeden m'mapiri a Atlas ku Morocco, ndi ku Afriski ku Lesotho, pamtunda wopitirira mamita 3,000, kumene nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti ndipo amadalira kwambiri makina opanga sinowo.

Si Niseko yokha imene ili ndi mwayi umenewu. Ku Alta, m'boma la Utah ku America, nakonso kumatchuka ndi sinowo wopepuka wochuluka, ndipo nyanja yamchere ya Great Salt Lake imathandizirako pang'ono. Za amene ali ndi wabwino kuposa mnzake, osewera amakangana mpaka lero.

Mmene zinafikira pamenepa

Masewera a ski anafika ku Japan m'chaka cha 1911 kudzera mwa msilikali wa ku Austria, Theodor von Lerch, amene anayamba kuphunzitsa ku Takada, m'chigawo cha Niigata. Chaka chotsatira anapita ku Hokkaido ndipo anafika ku Kutchan, kumene anamuimikira chipilala. Mpando woyamba wokweza osewera padziko lonse unayamba kugwira ntchito ku Sun Valley, ku America, mu 1936, ndipo ku Hirafu mipando inafika mu 1961. Mu 1972 mzinda wa Sapporo unachititsa mpikisano wa Olimpiki wa m'nyengo yozizira, woyamba ku Asia. Komabe kwa zaka zambiri Niseko inali ya eni dziko okha, dera la alimi a mbatata ya kachewere. Mpaka pano chizindikiro cha tauni ya Kutchan ndi kambatata kovala ski. Zinthu zinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pamene anthu a ku Australia anayamba kubwera mwaunyinji, kenako a ku Hong Kong, Singapore ndi maiko ena. Zipangizo nazo zinasintha: ski zampikisano ndi zopyapyala, mamilimita osakwana 70 pakati pake, koma za sinowo wa ufa zimapitirira mamilimita 100, ndipo kufala kwake kunachititsa kuti anthu wamba ayambe kulowa malo amene kale ankafikako akatswiri okha.

Njira yobiriwira, yofiira ndi yakuda

Njira iliyonse paphiri imapatsidwa mtundu. Ku Japan yobiriwira ndi ya ophunzira, yofiira ndi ya odziwako, yakuda ndi ya akatswiri. Ku Ulaya amawonjezera ya buluu. Ku America ndi ku Canada amagwiritsa ntchito zizindikiro izi: bwalo lobiriwira, bokosi la buluu, dayamondi wakuda mmodzi, ndi madayamondi akuda awiri pa njira zovuta zedi.

M'maiko ngati Austria muyeso wake ndi wa kutsetsereka. Njira ya buluu sipitirira 25 peresenti, yofiira sipitirira 40, ndipo yoposa apo ndi yakuda. Tikati 40 peresenti tikutanthauza kuti poyenda mamita 100 kutsogolo, watsika mamita 40. Njira ina yotchuka ku Mayrhofen, ku Austria komweko, yotchedwa Harakiri, imafika 78 peresenti. Koma chofunika kudziwa n'chakuti m'malo ambiri mitunduyi amaiika eni malowo poyerekeza njira za paphiri lawo lokha. Yakuda ya phiri laling'ono ikhoza kukhala yofiira ya phiri lina. Komanso njira yomweyo imasintha tsiku ndi tsiku: lero ndi yofewa, mawa yaundana ngati galasi, mkuja yadzaza timachulu timene timapangika osewera akamakhotera pamalo amodzimodzi. Njira zosavuta amazisalaza usiku ndi makina aakulu oyenda pa unyolo, pamene zakuda zambiri amazisiya mmene zilili.

Kunena chilungamo, Niseko si phiri lotsetsereka kwambiri tikaliyerekeza ndi mapiri a Alps a ku Ulaya. Kuvuta kwake kuli kwina: kuya kwa sinowo, mitengo yoyandikana imene wosewera amadutsa pakati pake, chifunga chimene chimabisa pansi ndi kumwamba mpaka munthu osadziwa kotsika ndi kuti, ndiponso malo a kunja kwa zingwe.

Zipata ndi chigumukire

Malo amene eni ake amawasamalira amazunguliridwa ndi zingwe. Kunja kwa zingwezo kuli sinowo wosapondedwa, ndipo n'kumenenso kuli chigumukire.

Sinowo wa paphiri amakhala m'magawo osanjikizana, gawo lililonse la tsiku lake ndi nyengo yake. Gawo lina limatha kukhala lofooka, lotayana ngati shuga, pamwamba pake n'kudzakhala gawo lolemera lotsenderezedwa ndi mphepo. Munthu mmodzi akadutsapo, gawo lapansilo limaphwanyika, mng'alu n'kuthamanga m'mbali mwa phiri, chigawo chonse chapamwamba n'kutsika nthawi imodzi. Zimachitika kwambiri pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, omwenso ndi malo amene akatswiri amawakonda, ndipo ngozi imakula mkati mwa chimphepo ndi tsiku lotsatira, lomwenso ndi tsiku limene sinowo wa ufa amakoma. Apa palibe chinyengo cha wina aliyense. Chimene chimakopa anthu ndi chimene chimawapha chimagwa usiku umodzi.

Sinowo wopepuka uja akagumuka n'kuima amalimba moti wokwiririka sangathe kusuntha ngakhale dzanja. Kafukufuku wa ku Switzerland anasonyeza kuti mwa anthu okwiririka amene afukulidwa pasanathe mphindi 15, oposa 90 pa 100 amapulumuka, koma pakadutsa mphindi 35 otsala amoyo amangokhala pafupifupi 30. Opulumutsa ochokera kutali sangafike pa nthawi yake, choncho amene angakupulumutse ndi mnzako amene unali naye. N'chifukwa chake aliyense wotuluka kunja kwa zingwe amayenera kunyamula zinthu zitatu: kachipangizo kovala pachifuwa kotumiza ndi kulandira uthenga wa wailesi, ndodo yopinda yobayira pansi pofufuza munthu, ndi fosholo. Ngozi zotere si nthano. Mu Febuluwale 1999 chigumukire chinapha anthu 31 m'mudzi wa Galtür ku Austria. Mu Malichi 2017 ophunzira asanu ndi awiri a kusekondale ndi mphunzitsi wawo anafa ku Nasu, ku Japan komweko, ali pa maphunziro okwera mapiri. Palinso ngozi ina yosatchuka: kuzungulira tsinde la mtengo kumatsala dzenje lobisika, ndipo wogweramo chamutu amatha kubanika anzake ali pafupi pomwepo.

Malo ambiri a ku Japan ankangoletsa kutuluka, koma anthu ankadutsabe pansi pa zingwe mozemba, n'kumafa. Ku Niseko anayesa njira ina. M'chaka cha 2001 anakhazikitsa malamulo otchedwa Niseko Rules, amene anagwirapo ntchito yaikulu ndi Akio Shinya, munthu wa m'deralo amene wakhala akulemba uthenga wa m'mawa uliwonse wonena za ngozi ya chigumukire. Malamulowa amati kutuluka n'kololedwa, koma podzera pa zipata zokhala ndi manambala basi. Oyang'anira phiri amatsegula chipata akaona kuti tsikulo n'labwino, ndipo amachitseka kukaopsa. Zigwa zina n'zoletsedwa nthawi zonse. Wodutsa pansi pa chingwe amalandidwa tikiti, ndipo wosochera kunja amalipira yekha ndalama zomufunafuna. Kuyambira nyengo ya 2020/2021 chipewa choteteza mutu ndi kachipangizo ka wailesi kaja zinakhala zokakamiza kwa aliyense wodutsa pachipata. Ine ndimaona kuti chachikulu m'malamulowa n'chakuti amauza munthu zoona za tsikulo m'malo momunamiza kuti kulibe ngozi kapena kumutsekera pakhomo mpaka kalekale. Koma chipata chotseguka si lonjezo lakuti ubwerako.

Kwa wochokera kuno

Mmalawi amafunika viza, imene amafunsira ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe. Ndege yolunjika palibe, ambiri amasinthira ku Addis Ababa kapena Johannesburg, kenako Tokyo, n'kukatera pa bwalo la New Chitose, kufupi ndi Sapporo, pomwe basi imatenga maola awiri kapena atatu kukafika kuphiri. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola asanu ndi awiri. Mu Januwale kuzizira kwa m'tauni ya Kutchan kumakhala madigiri 5 kapena 6 kunsi kwa ziro, ndipo pamwamba paphiri kumaposa apo. Zipangizo ndi zovala zimabwerekedwa komweko. Munthu amene sanavalepo ski sapita kukasaka sinowo wa ufa. Amayambira pa njira yobiriwira ndi mphunzitsi, kuphunzira kuima ndi kukhota, ndipo zipata zija si zake pa ulendo woyamba ngakhale wachiwiri. Madzulo ambiri amakasamba m'madziwe a madzi otentha otuluka pansi otchedwa onsen, monga akasupe a ku Chombo kufupi ndi boma la Nkhotakota amene anthu a kumeneko amawadziwa.

Mafunso amene akadalipo

Loyamba ndi la nyengo. Sinowo wolemera akhoza kupangidwa ndi makina, ndipo mpikisano wa Olimpiki wa ku Beijing mu 2022 unachitikira pafupifupi wonse pa sinowo wotere. Koma wa ufa sapangidwa, chifukwa makina amangowaza timadontho timene timaundana n'kukhala timibulu topanda nthambi. Nanga dziko likamatentha, ku Hokkaido kudzatani? Nyanja yofunda imapereka nthunzi yambiri, zimene zingachulukitse sinowo kwa kanthawi. Koma mpweya ukafunda ndi madigiri ochepa, sinowoyo amalemera kapena kusanduka mvula, makamaka mmunsi mwa phiri lalifupi ngati Annupuri. Chimene chidzapambane pa ziwirizi, ndiponso liti, akatswiri akufufuzabe.

Lachiwiri ndi la eni dera. Kwa zaka zingapo mitengo ya malo ku Kutchan inkakwera mofulumira kuposa kwina kulikonse ku Japan. Ena amati alendo anadzutsa dera limene achinyamata ankalithawa, ndipo ntchito zinachuluka. Ena amati nyumba zambiri zatsopano ndi za anthu akunja, zimakhala zotseka miyezi yotentha, ndipo ogwira ntchito amavutika kupeza pogona pamtengo umene angakwanitse. Mu Novembala 2019 tauniyi inayamba kutolera msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zogonera alendo kuti ithandize pa zosowa za deralo. Ngati zimenezi zikukwanira, eni ake sanagwirizanebe. Ife amene timaona mipanda ya malo ogona alendo ikuyandikira madoko a asodzi ku Senga Bay, funsoli si lachilendo kwa ife.

Lachitatu ndi la zipata zomwe zija. Pamene ankazikhazikitsa, odutsapo anali ochepa ndipo ambiri ankalidziwa phirilo. Lero pamadutsa anthu ochuluka, ena atangobwereka kachipangizo ka wailesi m'mawa womwewo osadziwa kukagwiritsa ntchito. Kodi kunyamula chipangizo n'kokwanira, kapena munthu aziyamba wayesedwa? Kodi oyang'anira phiri akatsegula chipata, ngozi n'kuchitika, mlandu ndi wa ndani? Ndipo njanji ya sitima yothamanga imene ikumangidwa kupita ku Sapporo, yodzaima pa Kutchan, imene yachedwa kupitirira chaka cha 2030 chimene ankayembekezera, ikadzatha idzabweretsa anthu angati paphiri limene sinowo wake wosapondedwa amatha kale dzuwa lisanafike pamutu?